Mphini pa Msongolo wa Patuma

Ntchito yophunzitsa atsikana mpira ndinaipeza chifukwa cha pakamwa pangapa. Nthawi imeneyo ndinkachapa ndi kusita pa nyumba ina ku Durban North, ndipo Loweruka ndinkapita ku Chatsworth kukagula ndiwo zotchipa. Tsiku lina ndikudikira tekisi pafupi ndi bwalo la mpira, ndinaona kamtsikana kotchinga kumbuyo kakulowera mnzake chogona, miyendo yonse iwiri kutsogolo, ngati kakufuna kupha munthu. Ine amene ndinavala nambala faifi zaka zambirimbiri ku Bangwe mpaka bondo litandikana, mtima sunandilole. Ndinakuwa pa waya m'Chizulu changa chothyokathyokacho kuti aime ndi mapazi, asamangodzigwetsa chisawawa. Bambo wina wadazi, wezulo ili m'khosi, anatembenuka n'kundifunsa ngati ndinasewerapo kapena ndine katswiri wa pakamwa. Ndinaika jumbo ya kabichi pansi, n'kulowa m'bwalo ndi masilipasi, n'kumuonetsa mwanayo mmene amatsekera munthu njira osamukhudza. Loweruka lotsatira ndinali pa ntchito.

Bamboyo tinkawatchula kuti Kochi Vusi. Anali Mzulu amene anasewerapo matimu akuluakulu ali mnyamata, ndipo anasonkhanitsa ife otha ntchito kuti tiziphunzitsa ana. Malipiro ake, tisanamizane, anali a tekisi ndi buledi basi. Katundu yense ankakhala m'kontena ya chitsulo pakona pa bwalo. Ine ndinkafika anthu asanabwere, n'kuyenda bwalo lonse kutola magalasi a mabotolo amene zidakwa zasiya. Kenako kupopa mipira: singano ya pampu uyambe wainyowetsa ndi malovu, apo ayi ung'amba kamlomo ka mpira. Ndikatero ndinkayala makoni, kugawa mabibu, timalaya tosiyanitsa matimu tija, n'kuona ngati m'bokosi la chithandizo muli bandeji, tepi, sizasi ndi ayisi. Kumanga tepi akakolo a ana masewero asanayambe inalinso ntchito yanga. Lamulo la Kochi Vusi linali limodzi, lakuti wopanda mashinigadi, zotchinga msongolo zija, asaponde m'bwalo.

Tikatha masewero tinkakhazika anawo pamthunzi n'kumawauza za moyo. Panali mnzathu wina amene kale anthu ankaimba dzina lake m'masitediyamu, lero ndi mlonda wa pa golosale. Wina amayendetsa tekisi. Kochi Vusi ankatiuza kuti tipinde mathalauza anawo aone zipsera ndi maondo otupa, kenako n'kuwafunsa mmodzimmodzi kuti mpira ukadzatha adzadya chiyani. Ankakonda kunena kuti, "Miyendo ya mpira ndi yobwereka. Mwini wake amadzatenga osagogoda." Anawo ankangoyasamula. Kwa mwana wa zaka khumi ndi zisanu, zimenezo ndi nkhani za nkhalamba.

Pa atsikana onsewo panali mmodzi amene ankandichititsa kuiwala njala. Ankasewera pakati, ndipo anzake ankamutchula kuti Phumi. Kupha mpira kwake, eish, umachita ngati wamata ku phazi, ndipo asanaulandire n'komwe amakhala ataona kale kumene aupereke. Ine ndinkangoti ndi Mzulu, poti Chizulu chake chinalibe banga. Tsiku lina mpira unamumenya pamimba, ndiye pogwa ndinamva akuti, "Mayo ine!" Tinayang'anana. Titatha masewero anandipeza m'kontena ndikupinda mabibu, n'kunong'ona kuti, "Anti, musandiulule." Dzina lake lenileni linali Patuma. Anachoka ku Mangochi ali kumsana, ndipo ankakhala ndi amayi ake okha m'kachipinda kamodzi ka malata. Amayiwo ankagulitsa nsalu m'sitolo ya Mmwenye wina komweko ku Chatsworth. Kuyambira pamenepo Chichewa chathu chinali cha m'kontena mokha, panja ndine kochi, iye ndi Phumi.

Kenako Kochi Vusi anabwera ndi uthenga wakuti sukulu ina yogonera komweko, imene imaphunzitsa ana a masewero, itumiza anthu kudzasankha atsikana angapo. Wosankhidwa ndiye kuti sukulu, chakudya ndi pogona zonse ndi zaulere mpaka amalize. Tonse tinkadziwa kuti woyamba kutengedwa ndi Patuma. Amayi ake anandiimbira foni akulira ndi chimwemwe, amvekere Mulungu wawakumbukira.

Chakudza sichiimba ng'oma. Kutatsala masabata ochepa, mnzake anamuponda ndi zipikiri za kunsi kwa butsi pa msongolo, pamene shinigadi inali itasendemuka. Panatupa ngati dzira. Ndinaikapo ayisi, n'kumanga bandeji, n'kuwaimbira amayi ake kuti m'mawa mwake apite naye ku chipatala. Koma anali masiku aja amene magulu a anthu ankaima pa mageti a zipatala, kufunsa ziphaso ndi kubweza aliyense wooneka ngati mlendo. Nditafunsa pambuyo pake, amayiwo anati anapita ndipo anawapatsa mapilisi. Munthu wamkulu akakuuza kuti tinapita, ungamufunse umboni? Patuma anajomba masiku angapo, kenako anabwera, n'kuthamanga pang'ono, n'kunena kuti ali shapu.

Tsiku losankhalo kunacha ndi kutentha kwa ku Durban kuja, komata thupi. Alendo odzasankha aja anakhala pa mipando pansi pa ambulera, makolo atandanda pa waya. Ine ndinali m'kontena kumanga ana tepi, mmodzi akatuluka wina n'kulowa. Patuma anabwera womaliza, atavala kale zonse, masokosi atakwezedwa mpaka m'maondo n'kukulungidwa ndi tepi pamwamba. Zinandidabwitsa, chifukwa mwana ameneyu ndinkachita kukangana naye kuti avale msanga. Anati akakolo ake ali bwino, tepi sakuifuna. Ndinamuyang'ana kumaso. Milomo inali gwa, youma, ndipo ankanjenjemera m'kontena motentha ngati uvuni. Atayandikira ndinamva fungo. Aliyense amene anaiwalapo nyama m'jumbo akulidziwa fungo limenelo.

Ndinamuuza kuti atsitse sokosi. Anakana. Ndinamuuzanso, iye n'kuyamba kundiyankha m'Chizulu ngati sitidziwana. Apo ndiye ndinapsa mtima, n'kumukhazika pa bokosi, n'kudula tepiyo ndi sizasi. Kuseri kwa shinigadi kunali kachidutswa ka chitenje katamatirira pa khungu. Ndinakanyowetsa n'kukamatula. Msongolo wonse unali mphini zokhazokha, mizeremizere, zakuda bii ndi mankhwala opaka. Khungu linali litatupa mpaka kunyezimira, mafinya akutuluka m'mabala, ndipo kufiira kunali kutakwera kufika pa bondo. Nditagwira m'mphechepeche ndinapeza mwanabere wamkulu.

Anandifotokozera akuyang'ana pansi. Ku chipatala anafikadi, koma pa geti pokha. Anaona mayi wina wa mwana kumsana akukankhidwa n'kutukwanidwa, amayi ake n'kumugwira Patumayo dzanja, n'kubwerera. Ndiye anapita kwa bambo wina wa kwathu amene amadziwa zitsamba, iye n'kutema ndi lezala kuti magazi oipa atuluke. Kutupa kutawonjezeka anabwererako, bamboyo n'kutemanso. Ine sindinyoza mphini, ndili nazo pa bondo ndi pachifuwa, anandipititsa ndi amayi anga ondibala chifukwa chondikonda. Koma apa zinali zitavuta.

Amayi ake ayenera kuti anaona kuti mwana akuchedwa, chifukwa analowa n'kutseka chitseko. Ataona sokosi ili pansi, anagwada pa fumbi, munthu wamkulu kuposa ine, mpango wawo wa kumutu utanyowa ndi thukuta.

"Achemwali, chigawo chimodzi chokha," anatero motsitsa mawu. "Angomuona basi. Mawa ndipita naye kulikonse kumene munene."

Ndinawauza kuti mwanayu thupi latentha, ndipo wina akangomumenya pamenepo tikamba zina. Iwo anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, anthu awa sadzabweranso, ndipo chaka cha mawa Patuma adzakhala atapitirira msinkhu umene akufuna. Zonsezo zinali zoona, ndipo ndinkazidziwa bwino kuposa iwo.

"Inu ndinu a kwathu," anatero. "Mukudziwa kumene timagona. Mukufuna adzakalambe akupinda nsalu za Amwenye ngati ine?"

Patuma anaimirira, n'kudumpha ndi mwendo womwewo, kamodzi, kawiri, ataluma mlomo. Sanagwe. Chimene chimandipweteka mpaka lero n'chimenecho, kuti mwana uja akanatha kusewera, ndipo akanasewera bwino. Ndinali ndi tepi m'manja. Kumanga n'kukweza sokosi sichinali chinthu chovuta, palibe akanadziwa. Ndinamva chisoni chimene sindinamvepo ngakhale tsiku limene adokotala anandiuza kuti mpira wanga watha. Koma ndinatsegula chitseko n'kuitana Kochi Vusi.

Iwo anangoyang'ana mwendowo kamodzi. "Vula bibu," anatero kwa Patuma. "Galimoto ili panja."

Tikutuluka, amayi aja anaiwala mantha onse a zaka zonse. Anayamba kukuwa pamaso pa makolo, ana ndi alendo, Chichewa ndi Chiyao kusakaniza. Amvekere ndine mfiti, ndine wanjiru, mwendo wanga unatha ndiye ndikufuna wa mwana wawo uthere limodzi. Atsikana anzake a Patuma anayang'anana, ndipo ndinamva mmodzi akunena liwu lija amatinyozera nalo alendofe, lakuti kwerekwere. Patuma anabisa nkhope mu bibu imene anali atavula. Tsiku limodzi lomwelo anataya sukulu, n'kutayanso dzina limene ankabisalamo.

Ku chipatala Kochi Vusi anatsogola, chiphaso chawo m'manja, mawu ali pamwamba, akuti uyu ndi wosewera wanga ndipo amene akufuna kumubweza ayambe ndi ine. Tinalowa. Madokotala anati matenda anali atalowa kale m'fupa. Anamuchita opaleshoni, kupala fupalo, patapita nthawi n'kumuchitanso. Mmodzi anatiuza kuti tikanachedwa pang'ono, kapena akanamenyedwanso pamenepo, tikanakamba zodula. Mwendo unatsala, koma wowonda, ndipo amaukoka poyenda. Sukulu ija inatenga atsikana ena, mmodzi mwa iwo ndi amene Patuma ankamudyetsa njomba tsiku lililonse. Amayi ake sanandipatsenso moni. Tikakumana pa renki ya matekisi amayang'ana kumbali, ndipo sindiwaimba mlandu.

Patapita nthawi ndithu, ndinalimba mtima n'kupita ku sitolo ya nsalu ija tsiku limene ndinadziwa kuti amayiwo kulibe. Ndinamupeza Patuma atakhala pa situlu, akuyeza nsalu ya makatani. Anali atatsalira kwambiri m'kalasi chifukwa chogona m'chipatala, ndipo sukulu anali ataisiya. Ndinali nditakonza mawu ambiri, akuti abwerere ku sukulu, akuti abwere adzandithandize kuphunzitsa tiana tating'ono, akuti mpira uli ndi ntchito zina monga kuimbira masewero. Anandimvetsera mwaulemu mpaka ndinamaliza. Kenako anandifunsa m'Chichewa, mokweza, makasitomala ali pomwepo.

"Anti, mukanandilola chigawo chija, akananditenga?"

Ndinafuna kunama. Ndikananena kuti kaya, mpira sudziwika, mwina ukanagwa. Koma mwana uja ankaudziwa mpira kuposa bodza langa.

"Akanakutenga," ndinatero.

Anagwedeza mutu, n'kunena kuti amangofuna amve kwa ine. Anatenga sizasi n'kupitiriza kudula nsalu. Ku bwalo sanabwerenso.

Ndikadali pa ntchitoyi, ndipo ana a kwathu akuchuluka, ena ndimawadziwa, ena amabisala ndipo ndimawasiya. Mwana akavulala, sindiimbiranso kholo kuti mupite naye. Ndimamukweza ndekha tsiku lomwelo, Kochi Vusi patsogolo, chifukwa ndinaphunzira kuti munthu wamantha amakuuza kuti tinapita, ndipo sikuti ndi woipa. Masewero asanayambe, aliyense amatsitsa masokosi pamaso panga, kaya akhale katswiri wotani, kaya kwabwera alendo ochokera kuti. Ndikapeza chotupa kapena bala lobisidwa, amakhala panja. Amalira, makolo amanditukwana, ena amasamutsa ana awo. Ndinasiya kufuna kuti andimvetse. Andide, bola andide akuyenda ndi miyendo iwiri.