Phazi Lamanzere

Achimwene, lero ndakukumbukirani pa maloboti a ku Sunnyside kuno ku Joni. Galimoto ya kuntchito ndi ya otomatiki, koma phazi lamanzere lapita lokha kukafuna kilachi, n'kuponda buleki. Eish, matakisi andiimbira mahutala mpaka manyazi.

Ndakumbuka Loweruka lija ku Queenswood, nditangofika ku Joni. Bwana wanu atachokapo, munandikhazika m'kagalimoto kake kaliwiro kamene munkakatsuka, osaliza injini. Munaika dzanja langa pa giya n'kunena kuti, "Iwe, otomatiki ndi ya alesi. Mwendo uwu uzigwira ntchito." Inuyo kagalimotoko simunakayendetsepo, ngakhale kukafikitsa pageti. Ndatopa, Achimwene. Magalimoto anasintha, inu tinakuikani m'manda ku Winterveld, koma phazi ili likupondabe pamene palibe kanthu.