Faina Wosunga Majasi ndi Nyimbo za a Tarutin

Mu holo ya nyimbo ya mzinda wathu, m'mbali mwa mtsinje wa Volga, munthu sankalowa atavala jasi. Kaya ndiwe dokotala, kaya mkulu wa asilikali, unkayamba wavula n'kulipereka kwa mayi Faina Yegorovna, iwo n'kukupatsa kachitsulo ka nambala. Ine ndinkagulitsa tiyi ndi buledi wa soseji moyang'anizana nawo, ndiye zawo zonse ndinkaziona.

Anali mayi wamfupi, wamapewa ngati munthu wonyamula matumba kudoko, mawu ngati bingu. Mwamuna wawo anamwalira kalekale, ndipo okha analera ana aakazi awiri ndi ntchito ya majasiyi. Nyimbo analibe nazo ntchito. Chimene ankadana nacho kwambiri padziko pano chinali jasi lopanda kachingwe kokolekera.

Ndi jasi lotero limene linawakumanitsa ndi a Lev Osipovich Tarutin, wopeka nyimbo, bambo woonda wamagalasi amene ankayenda ngati akupepesa pansi.

“Bambo inu, jasi ili ndilikoleka ndi chiyani? Ndi mphuno yanga?”

“Pepani mayi. Ndili pachangu, nyimbo za lero ndapeka ndine.”

“Kupeka nyimbo mumatha, koma singano ikulumani? Mkazi muli naye?”

“Anachoka.”

“Sindikudabwa,” anatero a Faina, akutulutsa ulusi m'thumba.

Nyimbo za a Tarutin zinali zovuta, tisanamizane. Zinkayamba ndi vayolini mmodzi akulira ngati chitseko chadzimbiri, kenaka zii, anthu n'kumaganiza kuti oimba aiwala pamene anali. Mwadzidzidzi malipenga onse pamodzi, phwaa! Agogo ena mano oikirira anagwera pamiyendo. Nyimbo isanafike pakati, anthu ankayamba kutuluka monyang'ama, kachitsulo kali m'manja.

Mwini nyimboyo sankapirira kukhala mkati. Ankathawira kwa a Faina n'kukhala pa kampando kuseri kwa majasi.

“Faina Yegorovna, atuluka ambiri?”

“Khalani chete, imwani tiyi. Amene atulukawo ndi achimfine.”

“Onsewo?”

“Chaka chino chimfine chavuta.”

Tsiku lina nyimbo ili mkati, a Faina anapeza a Tarutin akupukuta magalasi kwa nthawi yaitali, magalasi oyera kale. Mtima wa a Faina unawawa. Munthu wotsatira atabwera ndi kachitsulo kake, bambo wonenepa wa ku ofesi ya njanji, iwo anapinda manja.

“Majasi amatuluka nyimbo ikatha. Ndi lamulo.”

“Lamulo la ndani, mayi?”

“Mukufuna mukafunse kumene lachokera? Ndikupatseni dzina lanu ndikalipereke?”

Masiku amenewo munthu wanzeru sankafunsa kawiri kumene lamulo lachokera. Kunja chipale chofewa chinali chofika m'mawondo, ndipo pakhomo pamene tinkagwira ntchitopo pankalowa mphepo yoluma. Bamboyo anaimaima, n'kubwerera mkati momwe munali kutentha. Ena onse anamutsatira ngati nkhosa. Usiku umenewo nyimbo ya a Tarutin inamveka mpaka kumapeto holo ili yodzaza, ndipo anthu anaomba m'manja mwamphamvu, ena chifukwa chokondwa kuti yatha. A Tarutin anapita kukawerama pamaso pa anthu ubweya wa jasi la mayi wina uli m'tsitsi.

Lamulolo linakhala zaka zambiri, ndipo linkagwira ntchito pa nyimbo za a Tarutin zokha. Chodabwitsa n'chakuti ena mwa akaidi a Fainawo anayamba kubwera mwakufuna kwawo. Bambo wa njanji uja anandiuza akumwa tiyi kuti pali malo ena m'nyimbomo pamene amakumbukira mchimwene wake amene sanabwerere kunkhondo, ndipo sadziwa chifukwa chake.

Akuluakulu a boma sankawakonda a Tarutin. Ankati nyimbo zawo sizilimbikitsa anthu kugwira ntchito. Panali zaka zimene sizinkaimbidwa n'komwe, koma iwo ankabwerabe kudzakhala kuseri kwa majasi, a Faina n'kumawadyetsa mbatata yophika ndi nkhaka zamchere uku akuwakalipira za kuonda. A Tarutin anamwalira nyengo yozizira ina, zinthu zitangoyamba kusintha m'dziko.

Atangomwalira, dziko lonse linazindikira kuti anali katswiri. Kunabwera alendo ochokera ku Germany ndi ku Japan, pakhoma anakhomapo mwala wa dzina lawo, ndipo akuluakulu omwe aja ankalankhula pa wailesi kuti ankawakonda kuyambira kale. Palibenso amene ankatuluka nyimbo ili mkati. Kutuluka kunasanduka manyazi.

“Taona, Raisa,” anandiuza a Faina, “tsopano akugona mkati momwemo mwaulemu.”

Chaka chimene a Faina ankapuma pantchito, oimba anawakakamiza kuti alowe amvere, pakuti zaka zonsezo nyimbozo ankangozimvera kuseri kwa chitseko. Anavala diresi la buluu ndi mendulo yawo ya ntchito, ine ndinakhala pambali pawo. Malipenga ataphulika anagwira mkono wanga n'kunena mokweza, “Mayo ine, ndiye ndinkawatsekera anthu m'zimenezi?” Mizere itatu inacheuka. Koma chakumapeto, pamene vayolini amatsala yekha n'kumachepa mpaka kuzimirira, ndinawaona akufufuza kampango. Tili pa basi pobwerera anangoti, “Munthu uja anali yekhayekha, eti? Ndikanadziwa, bwenzi ndikumamuwonjezera mbatata.”

Anasamukira ku kanyumba kawo ka kudimba kunja kwa mzinda, kumene ankalima nkhaka ndi kabichi, ndipo anali ndi mitengo ya matcheri. Oimba anawapatsa kaseti ya nyimbo za a Tarutin ngati mphatso, iwo n'kuipezera ntchito msanga. Ankaika wailesi pa windo n'kutsegula mpaka kumapeto kuti ithamangitse akhwangwala. Chaka choyamba mbalame zinathawa mudzi wonse, ndipo mbuzi ya aneba inasiya kutulutsa mkaka, kapena ndi mmene mwini wake ankanenera pofuna kuti amupepese ndi botolo la jamu.

Ndinakawaona komaliza chilimwe china, miyendo itayamba kuwavuta. Ndinawapeza pa benchi, nyimbo ikulira, akhwangwala ali mbuu mumtengo kudya matcheri mosatekeseka.

“Faina Yegorovna, mbalame zikumalizani zipatso! Kasetiyo siikugwiranso ntchito, zimitsani.”

“Zazolowera, afiti amenewa,” anatero osatembenuka. “Khala pansi, Raisa, usasokose. Pakubwera pabwino.”

Ndinakhala. Tinamvera mpaka kaseti inatha, kenaka anandituma kukatenga makwerero kuti ndithyole zimene zinatsala.