A Sabina ndi Ana a Mkati mwa Mpanda

A Sabina sanapite ku mishoni kukafuna ntchito yolera ana. Anapita kukatunga madzi. Amuna awo, a Jasten, anakwera sitima pa Balaka kulowera ku migodi ya ku Joni chaka chimene dzombe linamaliza mapira m'minda ya ku Utale. Anatumiza bulangete limodzi ndi mawu akuti abwera mvula ikatha, kenaka kunangoti zii. Mwana wawo mmodzi yekhayo anamwalira ndi chikuku asanayambe n'kuyenda komwe. Munda unawakulira, ndiye atamva kuti masisitere akufuna mayi wotunga madzi, anasenza mtsuko wawo n'kupita.

Kutsidya kwa khwawa, kumunsi kwa mishoniyo, kunali mudzi wa odwala khate. Lamulo la masiku amenewo linali lakuti mwana asakhale ndi kholo lodwala, kuopa kuti angatenge nthendayo. Ana oterowo ankasungidwa m'nyumba ya njerwa yofolera ndi udzu, yozunguliridwa ndi mpanda wa bango. Tsiku lina a Sabina akuthira madzi m'mbiya ya panyumbapo, sisitere woyang'anira anatuluka ali ndi khanda kumanja, khanda lina kumanzere, wachitatu akumukoka mkanjo.

“Amayi, tandigwirireniko uyu,” anatero sisitereyo.

A Sabina anamugwirira. Kugwirirako kunatha zaka zoposa makumi awiri.

Ntchito yake inalibe Sabata. Kuchapa nsanza za makanda, kukama mbuzi, kuphika phala, kupukuta mamina, kuleretsa ndewu. Atsikana owathandiza ankabwera, n'kuphunzira, n'kukwatiwa, ndipo a Sabina ankayambanso ndi wina. Koma chimene chinkawalemetsa kwambiri si matewera. Linali tsiku lolandira mwana watsopano.

Tsiku loterolo ankayala mphasa pansi pa mtengo wa bwemba kunja kwa mpanda, kholo n'kukhala chapatali pang'ono, iwo n'kumafunsa. Kunyumba mumamuitana ndani? Amagonera kumsana kapena pamphasa? Amaopa chiyani? Akakwiya amatani? Makolo ena ankadabwa kuti mafunso onsewa ngachiyani pamene mwana akungofuna chakudya ndi pogona. Ambiri ankafuna kuzemba mwana akuseweretsa kamwana ka mbuzi, kuti asamve kulira kwake. A Sabina sankalola.

“Iyayi, musathawe. Mumuuze kuti mukupita kutsidyako ndipo adzakuonani Lamulungu. Alire mukuona. Mukamuzemba, ndidzavutika naye ndine, chifukwa sadzakhulupiriranso munthu wotuluka pakhomo.”

Lamulungu Misa ikatha, makolo ankabwera kudzaima kunja kwa mpanda. Kukhudza mwana kunali koletsedwa. A Sabina ankanyamula mmodzimmodzi n'kumuonetsa pamwamba pa bango, uku akupereka nkhani: uyu wamera dzino, uyu anatsegula m'mimba koma wachira, uyu analuma mnzake. Pofika masana mikono inkakhala itachita dzanzi.

Salima anabwera kutatsala chaka kuti njala yaikulu ija igwe. Bambo ake, Che Swaibu, anali wogulitsa matemba wa ku Nselema. Anakweza mkazi wake Kulusumu panjinga, mwana ali kumsana kwa mayiyo, anawoloka Shire pa Liwonde, n'kufika pa mishoni fumbi lili mbuu mpaka m'nsidze. Kulusumu anali ndi mawanga otuwa m'manja ndi kumaso. Abale ake anakana kusunga mwanayo, ati nayenso ali nayo m'magazi.

Che Swaibu anakana kukhala pamphasa. Anaima atagwira njinga yake.

“Amayi, ine ndine Msilamu. Mwanayu ndabwera naye kuti mundisungire, osati mundisinthire.”

“Ndamva, Che Swaibu. Nenani zimene sadya.”

“Nkhumba. Mbewa. Nyama yosazinga Msilamu.”

“Nyama kuno timaiona pa Khirisimasi. Musadandaule nazo zimenezo.”

“Nanga madzi aja mumathira ana pamutu?”

A Sabina sanayankhe zamumutu mwawo. Anadzuka, n'kukafunsa sisitere, n'kubwerera.

“Akuti popanda mawu anu sabatizidwa. Koma ndisakunamizeni, kutchalitchi azipita nafe, poti sindingamusiye yekha m'nyumba. Nyimbo azizimva. Makutu sindingamutseke.”

Che Swaibu anayang'ana mkazi wake, anayang'ana msewu umene anadzera, ndipo pomaliza anatsamiritsa njinga kumtengo n'kukhala pansi.

Kulusumu Chinyanja ankangochitola apa ndi apo. Anamasula mbereko, n'kuika mwana pansi, n'kumulankhula m'Chiyao nthawi yaitali. Salima, wa zaka zitatu, ankangogwedeza mutu ngati akumva. Koma mayi ake atatembenuka kulowera kukhwawa, anakuwa kukuwa kumene kunadzutsa makanda onse m'nyumba. A Sabina anamugwira akupalapata, akuwamenya zidendene m'mimba. Mbereko ija anaipempha, anaiwiritsa mumphika monga mwa lamulo, n'kuiyanika padzuwa.

Salima anakana kudya. Phala ankalilavula, mkaka ankaukankha. Ankakhala pachitseko cha mpanda atakumbatira mbereko ija, n'kumangoitana mayi ake kuti “amao, amao.” Akamva ludzu ankati “mesi,” ndipo a Sabina, amene Chiyao chawo chinali cha pamsika, ankadziwa kuti akufuna madzi. Kupitirira pamenepo sankamvana. Anamubereka kumsana masiku angapo, khanda lina lili pachifuwa, akutakasa phala ali chowerama. Sabata isanathe mwanayo maso anayamba kulowa.

Masana ena a Sabina anasiya ana ndi mtsikana wowathandiza, natsikira kukhwawa. Anaitanitsa Kulusumu, ndipo anakhala wina tsidya lino wina tsidya ilo, mayi wina wodwala akumasulira.

“Amake Salima, mwana wanu sakudya. Kwanu ankadya bwanji?”

Kulusumu anafotokoza kuti mwanayo supuni saidziwa. Amadya ndi chala cha mayi ake, ndipo sayamba kudya asanaone wamkulu atalawa. Phala lopanda nsinjiro salifuna.

A Sabina anakwera mtunda kukapempha sisitere chinthu chimene chinali chisanachitikepo: kuti Kulusumu azibwera kumpanda tsiku lililonse nthawi ya phala la masana, osadikira Lamulungu. Sisitere anaganiza kaye, kenaka anavomera, bola asakhudzane. Ndiye masana alionse Kulusumu ankakhala kunja ndi mbale yake, a Sabina mkati ndi Salima pamiyendo, atapatula bango pang'ono kuti awiriwo aonane. Mayi akatapa phala lake n'kudya, a Sabina ankatapa ndi chala n'kuika pakamwa pa mwana. Tsiku loyamba anameza kawiri. Lachiwiri anamaliza theka la mbale.

Zinathandiza Salima, koma zinadzutsa ena. Ana amene amayi awo sankabwera masana anayamba kuunjikana pabango lopatulalo, kufunsa kuti nanga athu ali kuti. Amayi ena a kutsidya nawo anadandaula kuti Myao yekha ndiye wabala mwana? A Sabina anayenda khomo ndi khomo kufotokoza kuti zimenezi n'za kanthawi, ndipo mwana aliyense wokana kudya adzamuchitira zomwezo. Ena anamva, ena anawatukwana. Pang'onopang'ono anayamba kudumphitsa masiku, mpaka Kulusumu anabwerera ku Lamulungu lokha ngati anzake. Pomwe mvula inkayamba, Salima anali akuthamangitsa mbuzi ndi anzake, akutukwana m'Chinyanja.

Kenaka kunagwa njala ya 1949. Anthu opanda khate n'komwe anayamba kusiya ana pachitseko cha mpanda m'mamawa n'kubwerera osatchula dzina. Panalibenso zoyala mphasa pansi pa bwemba. Nyumba inadzaza, phala linasanduka madzi, mbuzi zinauma mkaka. Ana ena anafika mochedwa kwambiri, ndipo a Sabina anawasambitsa komaliza ndi manja awo. Za chaka chimenecho sankakonda kukamba. Ankangokumbukira kuti Che Swaibu anatulukira kamodzi wapansi, njinga atagulitsa, ali ndi kamtolo ka matemba kamene anati n'ka Salima. Ataona ana enawo atamuzungulira, anangoti, “Sinjani onse, muthire mumphika.”

Patapita zaka, kuchipatala kwa odwala khate kunabwera mapiritsi atsopano m'malo mwa jakisoni wa mafuta uja anthu ankamuopa. Odwala ena anayamba kuuzidwa kuti nthenda yagona, sangapatsirenso munthu, akhoza kupita kwawo. Kulusumu anali mmodzi wa iwo. Mawanga anazilala, koma zala zinali zitafupika kale, ndipo mapazi sankamva kanthu.

Che Swaibu anabwera ndi njinga ina yobwereka. Chitseko cha mpanda chinatsegulidwa, ndipo Kulusumu analowa koyamba, atatambasula manja. Salima, amene tsopano anali msungwana wa zaka zisanu ndi zinayi, anayang'ana manjawo n'kuthawira kumbuyo kwa a Sabina, n'kugwira nsalu yawo zolimba.

“Amayi, auzeni abwerere kumpanda.”

Kulusumu anatsitsa manja. Chinyanja anali atachidziwa bwino tsopano, ndipo mawu ake anamveka bwalo lonse.

“Mwandibera mwana. Ndinakupatsani kuti mundisungire. Lamulungu lililonse ndaima pabangopo, dzuwa ndi mvula, ndipo lero akuitana inu kuti amayi!”

A Sabina sanadziteteze. Msana unkawapweteka kuyambira m'mawa, ndipo mkati khanda lina linali litayamba kulira.

“Amake Salima, kuti adye ndinayenera kumuzoloweza ine. Tsopano tiyenera kumuzoloweza inu. Si ntchito ya lero lokha. Che Swaibu, pitani mukagulitse nsomba zanu, mudzabwere mwezi ukaoneka.”

Kulusumu anayamba kugona pakhonde la kanyumba ka a Sabina. Tsitsi la mwana wake sakanatha kuliluka, singano sakanaigwira. Ndiye a Sabina anatembenuza zinthu. Anauza Salima kuti mayi ake sangamve munga ukawalasa, choncho madzulo alionse aziwayang'ana kuphazi n'kuwazula. Poyamba ankachita atayang'ana kumbali, akugwira phazilo ndi nsonga za zala. Kenaka anayamba kuwakalipira: “Mwapondanso chitsa, simuona kodi?” Kulusumu ankaseka n'kumuyankha m'Chiyao, ndipo mawu ena amene mwanayo anawaiwala anayamba kubwerera.

Mbali yovuta inali ya a Sabina eni ake. Salima akabwera ndi chilonda, ndi funso, kapena ndi chiwala chimene wagwira, ankamuyankha mawu amodzimodzi osatukula mutu: “Kaonetse amayi ako.” Chisoni cha mwanayo ankachiona, koma ankapitiriza kuchapa. Tsiku lina Salima anaima pamaso pawo pamwala wochapira.

“Kodi mwandida?”

“Sindinakude.”

“Nanga bwanji simundiyankha?”

“Ndatopa, mwanawe. Ana ndi ambiri, ine ndili ndekha. Iwe uli ndi amayi ako ako, ndipo alibe wina woti awazule minga.”

Salima anapita kuseri kwa khola la mbuzi n'kukalira. A Sabina anamumva, koma sanamutsatire. Amene anapita kukakhala naye anali Kulusumu, akutsimphina.

Mwezi utaoneka Che Swaibu anabwera. Anathokoza sisitere, kenaka anaima pamaso pa a Sabina n'kuvula kofia, n'kuivalanso. Kulusumu anawagwira dzanja ndi manja ake onse awiri. Salima anakwera kutsogolo kwa njinga, mayi ake kumbuyo, bambo akukankha wapansi chifukwa cha mchenga. Mwanayo anacheuka kangapo. A Sabina anaimika dzanja mpaka anakhota pa mlambe, n'kubwerera kukatsuka mbale.

Sanamuonenso. Anangomva kwa wogulitsa matemba wina kuti anakwatiwa ku Nselema komweko, ndipo mayi ake ankakhala naye.

Mapiritsi aja atafala, ana olekanitsidwa ndi makolo anayamba kuchepa. Msana wa a Sabina nawo unali utafika pokana. Ankayenda atapindika, ndipo kunyamula mwana pamwamba pa bango kunawakanika. Mchimwene wawo, a Wadson, anabwera ndi ngolo kudzawatenga, n'kuwamangira kanyumba kuseri kwa nkhokwe yake ya thonje.

Miyezi yoyamba kumudziko a Sabina ankagona mpaka dzuwa kufika pamutu. Ankadzuka, kudya pang'ono, n'kukagonanso pamthunzi. Alamu awo anada nkhawa, anafuna mizu, ena anati aitane abambo mfumu adzawadzoze mafuta a odwala. A Wadson anagwada pambali pa mphasa n'kuwagwedeza paphewa.

“Achemwali, chikukupwetekani n'chiyani? Tikutengereni kuchipatala?”

A Sabina anatsegula diso limodzi.

“Sindikudwala ine, achimwene. Ndikugona. Tauzani anawo akasewerere uko.”