Kaluzi ka Phazi la Felesiya

Ndinanyamuka Loweruka m'mawa, phiri lisanavule chifunga, nsapato zili kumsana ngati khanda. Inde, ndinazibereka. Nsapato zakuda, zatsopano, zonunkhira sitolo, masokosi oyera mbee ali m'kati mwake. Ndinkapita ku Nkando kwa mdzukulu wanga Felesiya, ndipo mtima unali utafika kale, ine ndikadali pakhomo panga kuno ku Likhubula.

Mundikhululukire zilembo, ndinaphunzira nditakalamba kusukulu ya kwacha. Koma ulendowu ndi wanga, ndilemba ndekha.

Felesiya ndinamulera ine, mayi ake atatisiya. Mayi akewo anali mwana wanga. Tinkafunda bulangete limodzi, timapazi take tozizira tili m'miyendo mwanga. Kenako bambo ake anakwatiranso ku Nkando, n'kubwera kudzamupempha, akuti kumeneko sukulu ili pafupi. Ndinalola, pakamwa pokha. Tsiku lochoka ndinang'amba kaluzi ka nthochi, ndinamuyeza phazi kuchokera kuchidendene mpaka kuchala chachikulu, n'kudula. Kwathu timayeza choncho tikafuna kugulira mwana nsapato iye palibe. Ndinati ndikagulitsa nandolo ndimugulira. Nandolo anagwa mtengo. Chaka chinacho madzi anakokolola munda. Kaluzi kanangokhala kudenga pomwe ndinakatsomeka, ine n'kumakayang'ana, iko n'kumandiyang'ana. Ndiye ndinamva kuti mwana akuyendabe chapansi, chisanu cha Juni chikung'amba zidendene, matekenya akumulowa m'zala.

Lachisanu, dzulo lake la ulendowu, kutchalitchi kwathu kunabwera a bungwe lothandiza ana. Makatoni mbwee, ana pamzere, uyu kusambitsidwa mapazi, uyu kuvekedwa. Ine ndinalowa pamzere wa ana ndi kaluzi kanga, anthu n'kumaseka. Mtsikana wina wa bungwelo anati lamulo lawo ndi loti mwana akhalepo. Ndinamuuza kuti mwana alipo, ndi uyu, n'kumupatsa kaluzi. Amayi anzanga a mumpingo anandichitira umboni kuti Felesiya ndi wamasiye wa pamudzi pano. Mtsikana uja anakagoneka kaluzi m'nsapato iyi, kenako iyo, mpaka kanagona bwino. Anati zikakana ndibweze, koma iwo akulongedza Loweruka dzuwa lisanalowe, ndipo sadziwa kuti adzabweranso liti. Ndinati sizikana. Ndinavina, ine, ndinavina mpaka duku kugwa.

Kuchokera ku Likhubula ndinakwera njinga yamoto ya kabaza. Woyendetsayo anandiuza kuti ndimugwire mwana bwino, m'njira muli mabampu. Nditamuuza kuti mwanayo ndi nsapato, anaseka mpaka njinga kugwedezeka. Tinadutsa minda ya tiyi, amayi madengu kumsana, mame akuwala. Ine ndinali kuimba chapansipansi. Ndikagonako, ndikagonako mpaka Lachiwiri, ndikamuluka tsitsi, ndikamumva akupuma pambali panga.

Pa Chitakale ndinalowa minibasi. Kondakitala anati masauzande atatu. Ndinati mwanangu, ona mutu wanga, imvizi zandilipirira kale theka. Analandira awiri, n'kundikhazika pakampando ka kuseri kwa dalaivala, kotentha pansi ngati chiwaya. Pamiyendo ndinali ndi kambale ka kalongonda, yemwe ndinaphika tsiku lonse, kutaya madzi, kuphikanso, poti Felesiya amamukonda wothira tsabola pang'ono.

Pafupi nane panali mayi wina wonyamula nanazi. Ndinamasula nsalu kuti aone, chifukwa chinthu chokongola sichikoma kuchiona wekha. Anazisisita, anayamikira, kenako anafunsa kuti mwanayo ndinamuyeza liti. Ndinati tsiku lomwe anachoka. Anafunsa kuti anachoka liti.

"Mvula yagwa kawiri," ndinatero.

Mayi uja anayang'ana pawindo. Kenako anati, "Anganga, ana satiyembekeza." Ine ndinamuseka. Ndinati phazi limenelo ndimalidziwa ine, ndalisambitsa, ndalichotsa minga, limakwana m'dzanja langali.

Tinafika pa Nkando dzuwa litakwera, msika uli wirr, wa tomato, wa kaunjika, wa zibwente. Ndinafunsa njira, ndinadutsa kuseri kwa chigayo. Pachitsime panali mtsikana wamtali akutula ndowa. Ndinamupitirira. Ndinamupitirira ndithu, mdzukulu wanga. Iye ndi amene anati "Anganga," ndipo mawu okhawo ndi amene sanasinthe.

Mayi ake omupeza anandilandira bwino, anandiyalira mkeka, anati bambo ake apita kuganyu. Ine sindinadikire madzi akumwa. Ndinamusambitsa mapazi ndekha monga anachitira a bungwe aja. Zidendene zinali zong'ambika ngati dambo la mu Okutobala. Masokosi analowa, poti masokosi ndi aulemu, amatambasuka. Nsapato inalowa zala, inalowa pakati, n'kuima. Chidendene chinatsala panja.

Felesiya anaimirira, anapinda zala, anakankha mpaka inalowa. Anayenda kuchoka pamkeka kukafika pankhokwe, akumwetulira, maso akulengeza misozi.

"Zakwana, anganga. Onani, zakwana."

"Vula, mwanangu."

"Ndizizolowera. Mukazibweza ndiye kuti mupita lero lomwe."

Anali atamva ndikufotokozera mayi ake omupezawo za kulongedza kwa a bungwe kuja. Ndinayang'ana dzuwa, ndinayang'ana mwana. Bulangete langa ndinali nditabwera nalo. Mkati mwanga munali anthu awiri, wina akuti gona, wina akuti nyamuka. Ndinamugwira chidendene chong'ambika chija, ndipo woti nyamuka anapambana.

Kuseri kwa nyumba kunali nthochi. Ndinang'amba kaluzi kena, ndinamuyeza ataimirira, ndinawonjezera zala ziwiri ndisanadule. Tinadya kalongonda m'mbale imodzi, msangamsanga, iye atavala masokosi ake, mapazi atawakweza pamiyendo panga kuti asade. Mayi ake omupeza anati ndisadandaule za ulendo wina, adzauza bambo ake amukweze panjinga Loweruka likubwerali, adzatenge yekha nsapato kwathu, agoneko. Ndinawagwira dzanja mayi amenewo, ndinalephera kulisiya.

Felesiya anandiperekeza kusiteji, masokosi atavula, atawapinda m'thumba la diresi. Minibasi itanyamuka sindinaimbe. Ndinangoyang'ana phiri likukula kutsogolo, ndikupempha dzuwa kuti liyende ngati nkhalamba inzanga.

Ndinafika kutchalitchi akukweza makatoni m'galimoto. Mtsikana wa bungwe uja anandiona ndikubwera wefuwefu, nsapato m'manja. Anatsitsa katoni, anatenga kaluzi katsopano, anafufuza mpaka pansi. Zinapezeka. Zazikulu, zakuda, ngati za mphunzitsi. Apo ndiye ndinavinanso, pang'ono, poti mawondo anali atatha.

Tsopano nsapato zili pamutu pa mphasa yanga, zikudikira Loweruka. Tiluzi tonse tiwiri ndatitsomeka kudenga, kakale ndi katsopano. Ndikatigundanitsa, katsopano kamapitirira ndi kachidutswa kotalika ngati chala changa chachikulu, ngakhale nditachotsa zala ziwiri zowonjezera zija. Kachidutswa kameneko ndi Felesiya amene anakula ine ndisakuona. Ndimakagwira m'mawa uliwonse, kenako ndimatuluka kukasesa pabwalo, khutu lili kumsewu, kumvetsera belu la njinga.