Tunapiye kuseri kwa kompyuta

Mwachoma bwanji nonse mu gulupu ya banja.

Mukumbuka kompyuta ija ninamanga mu bokosi yakale ya batate, ija banabwera nayo kuchoka ku mishoni m'ma 90? Sabata yonse yakhala itentha mpaka kuzima yokha. Lelo nayitsegula, napukuta fumbi, naika fani yatsopano, naboola na tumabowo kuti mpweya uzipita. Yazizira bwino, ine mtima pansi.

Poyibweza ku chipupa namva piyo piyo. Kuseri kwa tebulo kuli katoni, mukati tunapiye tungotetemera. Napeza kuti nkhuku ya amai, make wa utu, inagwidwa na galu, ndiye nikachokapo amai amayatsa kompyuta okha, n'kufunditsa katoni na kompyuta chitenge chimodzi. Amai amene amaopa na limoti ya TV!

Alowa, agwira kumbuyo kwa bokosi, aniyang'ana. "Iwe Mabvuto, mpweya wotentha uja niye unali make wa utu. Wapha make kachiwiri."

Nati, "Amai, ikapsa iyi, zithunzi zonse za batate zapita."

Akuti, "Atate ako samva kuzizira kumene ali. Utu tumva."

Nati tituyatsire mbaula. Mbaula akana, ati utsi uzatupha, ndipo Juni wa kuno ku Kanakantapa mumudziwa. Pano amai akhala pa khonde, tunapiye atuika pa chifuwa mukati mwa juzi, sakamba na ine.

Ba Esnart, ba malume, nithandizeni. Fani iyi niichotse kapena niisiye?