Tupiya Yozondoka ya Anganga Fabiyao

Fungo la mlombwa wongopalidwa kumene likandipeza, ngakhale ndili pakati pa msika, ndimabwerera m'shedi ya akalipentala kuseri kwa tchalitchi ku Milange, mmene anganga anga aamuna, a Fabiyao, ankagwira ntchito. Munkakhala kamdima kozizira bwino, utuchi wofiirira ukuyandama m'mizere ya dzuwa lolowera m'mabowo a malata, guluu akununkha pa kamoto ka makala, ndipo kunja kunkamveka mabelu a njinga zopita ku malire ndi matumba a nyemba. Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri. Ndikaweruka kusukulu ndinkawapititsira chinangwa chophika, n'kukhala phee pa chitsa pakona. Manyazi anga anali otchuka: mlendo akandipatsa moni, ndinkayankha zala za kumapazi kwanga.

Nkhondo inali isanafike ku vila, tauni yathu ya Milange, koma anthu a ku Mongue ndi ku Molumbo anali atayamba kubwera ndi mitolo pamutu. Aliyense ankayang'ana katundu wake ndi funso limodzi: kodi ndingathawe naye?

Chaka chimenecho koperativa ya akalipentala, gulu lawo logwirira ntchito limodzi, inaloledwa kukatenga makina amodzi ku esiteti ya tiyi imene inali itatsekedwa. Kumeneko anapeza matupiya awiri. Tupiya ndi makina a magetsi okhala ndi kampeni kozungulira mwaliwiro, kamene kamakumba kangalande m'mphepete mwa thabwa kuti matabwa azilowana. Ina inali yaing'ono, yonyamula ndi dzanja limodzi. Inzake inali yolemera ngati thumba la simenti. Arimando, kalipentala mnzawo wosatha mawu m'kamwa, ankafotokozera aliyense mmene anakanganirana ndi anganga posankha.

"Tengani yaing'onoyi, madala," iye anatero. "Zikavuta, ilowa m'thumba."

"Tabwera kudzasankha yogwirira ntchito kapena yothawa nayo?" anganga anamufunsa. "Kanthu kakoko katopa mlombwa usanafike pakati. Iyi ili ndi chifuwa. Sinjenjemera."

Anganga anaikweza yolemerayo pa njinga, n'kuikankha ulendo wonse, Arimando akudandaula m'Chilomwe kuti anganga asamve bwino.

Sabata yathunthu anganga anakhoma tebulo la mbawa, miyendo yake n'kuikumbira pansi. Pakati anaboola bowo, ndipo tupiya ija anaipachika kunsi chozondoka ndi mabawuti anayi, moti pamwamba pankangosuzumira kampeni kokha, ngati chimanga chongomera. M'mbali mwake anamangirira thabwa lowongoka loti ntchito izitsamira. Ankati makina olemera chotero sayenda, amakhala; loyenda ndi thabwa.

M'bokosi la tupiya munali kabuku ka Chipwitikizi. Anganga sankadziwa kuwerenga, ndipo sankaona chifukwa choti pepala liwaphunzitse thabwa. Anandiponyera pamiyendo.

"Tengani, akazi anga," anatero, pakuti ndi mmene ankandiitanira mwanthabwala. "Muzilembamo zinsinsi zanu."

Makope anali osowa masiku amenewo, choncho kabukuko kanasanduka chuma changa. M'mphepete mwa masamba ake ndinkalembamo za tsiku ndi tsiku, m'zilembo zing'onozing'ono: mvula, nkhuku yathu yoswa anapiye, amene wandiseka m'kalasi. Malo akatha ndinkawerenga za eni ake kabukuko, mobwerezabwereza, kuti ndiphunzire Chipwitikizi. Ndi mmene ndinapezera tsamba lija. Linali ndi chithunzi cha tebulo, muvi, ndi dzanja lokhwatchidwa ndi mtanda wakuda. Linkanena kuti tupiya ikazondotsedwa, thabwa liziyenda kuchokera kumanja kupita kumanzere, kuti lizilimbana ndi kampeni. Likachokera kumanzere, kampeni kamalikwatula, n'kukokera dzanja la munthu pa iko komweko.

Magetsi ankabwera Loweruka m'mawa mokha, jenereta ya kutchalitchi ikalizidwa kanthawi kochepa, chifukwa dizilo ankasowa. Ntchito yoyamba inali zitseko za sukulu yathu. Lachisanu masana anganga anayeserera makina ali chete. Anaima kumanzere, nayala chikhatho pa thabwa, n'kulikankhira kumanja.

"Ku esiteti kale, ndi tupiya ya m'manja, dzanja langa linkayenda chonchi," anauza Arimando. "Silinaiwale."

Ndinakumbukira tsamba lija. Ndinatola kabuku kanga n'kutuluka m'shedi. Kunyumba ndinauza amayi tikusankha nyemba pa lichero.

"Iwe Luziya," anandidula, "anganga ako anayamba kupala matabwa ine ndisanabadwe. Ukufuna ukawachititse manyazi pamaso pa anzawo?"

Sindinafune zimenezo. Ndinkawakonda mmene ankaimira pa ntchito yawo, pensulo ili kukhutu, anthu akudikira kuti anene. Tsiku limenelo ndinalemba mzere umodzi wokha m'kabuku kanga: "Ndikanena achita manyazi, ndikapanda kunena ataya dzanja."

Loweruka ndinalawirira ku shedi ndi kachidutswa ka choko kamene ndinatola pansi pa bolodi. Ndinajambula muvi waukulu pa tebulo, woloza kumanzere, n'kukakhala pa chitsa changa. Ndinkaganiza kuti anganga auona, amvetsa, ndipo palibe adziwe kuti awongoledwa ndi mwana.

Anthu anadzaza pakhomo kudzaonera: amayi ochokera kumsika, akatekisiti, ana anzanga. Arimando ndi amene anayamba kufika pa tebulo.

"Ana a sukulu awa!" anakuwa. "Akuyesa bolodi?"

Anapukuta muvi wanga ndi chigongono.

Jenereta inakhosomola kawiri n'kugwira. Anganga anawerama, nayatsa tupiya, ndipo inalira ngati njuchi za m'phanga lonse zalowa m'chitini chimodzi. Anaima kumanzere. Anayala chikhatho pa thabwa. Sindikumbukira kuti ndinadzuka bwanji. Ndinawakoka malaya, koma anangondigwedezera mutu kuti ndisunthe. Thabwa linayamba kuyenda.

"Anganga, ayi! Mwaizondotsa! Chokerani kumanja!"

Mawuwo anaposa makina. Ine ndemwe sindinawazindikire.

Anganga anabweza thabwa n'kuzimitsa tupiya. Kampeni kanazungulira pang'onopang'ono mpaka kuima, ndipo anthu onse ankandiyang'ana.

"Haa! Kodi kamalankhula?" anatero Arimando. Anthu anaseka, ine nkhope ikutentha.

Anganga sanaseke. "Mwati bwanji, akazi anga?"

Ndinatulutsa kabuku m'thumba la diresi, n'kuwatsegulira tsamba lija, chala changa chikubisa zimene ndinalemba m'mbali. Anayang'ana chithunzicho nthawi yaitali. Anazunguliza chala chawo m'mwamba, kenako anatembenuza dzanja n'kuzungulizanso. Atatero anauza anthu kuti achoke kumanja kwa tebulo, natenga kachidutswa ka thabwa ndi ndodo yaitali. Anayatsa makina, n'kukankha kachidutswako ndi ndodo kuchokera kumanzere.

Sitinakaone kakuchoka. Tinangomva phaa! pa malata a khoma, ndodo itadyedwa kunsonga, nkhuku zakunja zikubalalika. Akatekisiti anachita chizindikiro cha mtanda.

Anganga anazimitsa, nayang'ana nsonga ya ndodoyo, kenako chikhatho chawo. Ndinkadikira kuti akwiye. M'malo mwake mapewa awo anayamba kugwedezeka ndi kuseka.

"Makina ndawatembenuza," anatero, "koma mutu ndaiwala kuutembenuza. Arimando, bweza muvi wa mwana."

"Choko ndichitenga kuti, madala?"

"Pempha kwa mwini wake. Mwaulemu."

Arimando anavula kapusi, nandigwadira ngati ndine apongozi ake, anthu n'kufa nazo. Ndinamupatsa choko ndikuyang'ana pansi, koma ndikumwetulira.

M'mawa umenewo anganga anayendetsa matabwa kuchokera kumanja, osadya mozama kamodzi koma katatu pang'onopang'ono, akukankha ndi kamtengo m'malo mwa zala. Utuchi unkauluka wofunda, n'kutigwera m'tsitsi ndi m'makutu. Jenereta isanazime, matabwa a zitseko ziwiri anali atalowana bwinobwino, popanda mpata ngakhale wa tsamba la udzu. Lolemba anasema muvi uja ndi tchizulo pa tebulo pomwepo. Kuyambira pamenepo, madzulo dzuwa lisanalowe, ankandiitana pakhonde kuti ndiwawerengere tsamba limodzi. Masamba ena ankawavomereza, ena ankawatsutsa. "Wolemba ameneyo sanakhudzepo mlombwa," ankatero, ine n'kupitiriza.

Patapita zaka zingapo nkhondo inafika ku vila, ndipo tinawoloka mtsinje wa Ruo wa pamalire pamodzi ndi anzathu onse. Tupiya inatsala pa tebulo lake. Anganga sanaidandaule, ankati inagwira ntchito imene anaitengera. Tsidya linalo ankakhomera anthu mipando ndi zida za m'manja, ndipo mtendere utabwera anabwerera kwawo, nakalamba mpaka maso kuchita khungu.

Mlungu wawo womaliza ndinkakhala pambali pa mphasa yawo, n'kumawadzoza mafuta m'manja. Anali manja okhakhala, a zipsera zambirimbiri za tchizulo ndi sowo. Ndinkadzoza chala chimodzichimodzi, ndipo anazindikira zimene ndinkachita.

"Zakwana, akazi anga?" anandifunsa.

"Zakwana, anganga. Khumi."

Mpaka lero mawu anga ndi apansipansi, ndipo ana anga amandiuza kuti ndibwereze. Koma ndikapatsana moni ndi kalipentala, ndimagwira dzanja lake kanthawi kotalikirapo, ndikuwerenga chamumtima.