Kanyali ka bambo Rostam

Ntchito yanga yoyamba kuno inali ya pansi pa nthaka. Anandipezera ndi achemwali ena a kutchalitchi ku Beaumont Leys, dera lathu muno mu Leicester, ataona kuti ndatopa kuzungulira m'nyumba digiri ili m'sutukesi. Ndinkakwera sitima kupita ku Nottingham kukaonetsa alendo mapanga amene anthu akale anasema m'mwala wamchenga n'kumakhalamo.

Mtima wanga sunakhazikikepo mmenemo. Denga lotsika, kuzizira, fungo la chinyontho. M'mawa ndinkavala chipewa cholimba, kuyesa tochi ndi wailesi ya m'manja, kenako kuyenda njira yonse kuona ngati khoma lagumuka penapake. Bwana wathu, mayi wosaseka, anali ndi lamulo limodzi: "Moto ayi. Ndikaona ngakhale machesi, mawa usabwere."

Tsiku lina kunabwera mkulu wina wa ku Oadby, kufupi ndi Leicester, bambo Rostam, oyendera ndodo. Gulu litatuluka iwo anatsalira, akusisita khoma.

"Kwathu ku Iran makolo athu a chipembedzo cha Zoroasta ankakhala m'mapanga ngati ano, m'mbali mwa chigwa," anatero. "Mkazi wanga anabadwira kufupi ndi kumeneko. Wamwalira posachedwapa, ndipo ine sindidzafikakonso."

Ndisanayankhe, anali atayatsa kale kanyali kamafuta kamene anabwera nako, m'kabowo ka pakhoma. Mayo ine. Munthu wamkulu chonchi umamukalipira bwanji? Ndinagwada mwaulemu, n'kuwerama kuti ndikauzire kazime. Anandigwira paphewa.

"Mwanangu, ife moto sitiuzira ndi mpweya wa m'kamwa. Timaudikira uzime wokha."

Wailesi inayamba kulira, bwana akufunsa komwe ndili poti gulu lina likudikira. Ndinayang'ana kamotoko, ndinayang'ana mkuluyo akunong'ona pemphero, ndipo ndinathimitsa wailesi.

Bwana anatipeza tili chomwecho. Sanakuwe. Anaima nafe mpaka mafuta atatha, anawaperekeza bambo Rostam kumakwerero, n'kubwerera kwa ine atatambasula dzanja. Ndinapereka chipewa ndi makiyi. Zinandiwawa, sindinama, ndinalira m'sitima mpaka ku Leicester.

Lero ndimasamalira okalamba. Wina akayamba mwambo wa kwawo umene sindiudziwa, ndimaika manja kumbuyo n'kudikira, ngakhale belu likulira chipinda china. Ine ntchito ndinapeza ina, koma bambo aja analibe malo ena otsanzikirapo akazi awo.